Thonje M'makutu mwa Nowa

Naomi anapita kuchipatala akupemphera kuti mwana wake apezeke wogontha. Anandiuza yekha zimenezi, osaseka, ndipo ine ndinaika pansi ndowa yomwe ndinkakhoma kuti ndimvetsere bwino. Mayi kupempha Mulungu kuti mwana wake akhale wotseka makutu? Koma mukamva mmene zinayendera, mwina nanunso mukanagwada naye pomwepo.

Mwanayo dzina lake Nowa, wa zaka zisanu ndi ziwiri, woyamba komanso yekhayo. Bambo ake anapita ku Joni mwanayo akuyamwa, foni inalira miyezi ingapo, kenako zii. Naomi anatsala pamudzi pa malemu amayi ake, kuseri kwa Kabudula, pansi pa mlongo wake wamkulu, a Rabson. A Rabson ndiwo anali mwini mbumba, mlimi wa fodya, komanso mkulu wa mpingo.

Nowa sankakhala pansi. Ndikatero sindikuwonjezera ayi. Ukamutuma mchere kwa anzako ankanyamuka usanamalize kulankhula, n'kudzabwera dzuwa litapendeka ali ndi chiwala m'manja, mchere palibe, kambale atakasiya kumjigo. M'tchalitchi ankakwawa pansi pa mabenchi, kulowera kwa amayi n'kukatulukira kwa azibambo, pakati pa pemphero. Kusukulu anali akubwereza Sitandade 1. Pensulo sinkagona naye. Aphunzitsi akayamba funso, iye ankafuula yankho funsolo lisanathe, yankho lake n'kukhala la funso la dzulo.

Sanali mwana wankhanza. Akamenyedwa ankalira n'kumati, "Sindidzachitanso, amayi," ndipo ankanena kuchokera pansi pa mtima. Misozi isanaume anali atachitanso.

Mudzi wonse unali ndi mawu amodzi pa iye: samva. Mwana wa Naomi samva. Inu mukudziwa mmene mawu amenewa alili kwathu kuno. Samva ndi uja makutu ake anatseka. Samvanso ndi uja makutu ali bwinobwino koma mtima ndi wouma. Woyambayo timamumvera chisoni. Wachiwiriyo timamuthyolera mkwapulo.

Zinafika poipa mwezi wa Okutobala, nazale ya fodya ya a Rabson itabiriwira kudimba. Tsiku lina atamaliza kuthirira anamuuza Nowa kuti atseke chipata cha mpanda, iwo n'kutsogola ndi makheni. Nowa anachigwiradi chipatacho. Kenako pamsewu panadutsa thirakitala. Ng'ombe za m'mudzi zochokera kudambo zinapeza khomo lili pululu, zinalowa, zinaponda mabedi onse, mbande n'kusanduka matope.

A Rabson anamumenya mwanayo mpaka mkwapulo unathyoka. Atatero anamukokera kwa amayi ake.

"Iwe Naomi, ine ndalera ana, onse amamva. Uyu ndalephera. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo ine sindikufuna nkhwangwayo idzakhale yanga. Ku Chiwamba kuli anzanga a Ackson, akufuna mwana woweta ng'ombe. Apite kumeneko."

"Achimwene," anatero Naomi atagwada, "mwana wolephera kutseka chipata akaweta bwanji ng'ombe za eni? Zikakalowa m'munda wa munthu akamupha."

"Akamukwapula kawiri katatu achangamuka."

"Nanga sukulu?"

"Sukulu yake iti? Yothamangitsa agulugufe?"

Naomi anasowa pogwira. Kenako anakumbukira zomwe aphunzitsi a Nowa, mayi Tisiyenji, anamuuzapo tsiku lina, zoti mwanayu ndi wofunika kukamuyezetsa, mwina pali china. Anazinena mwachangu, ngati munthu wokokoloka wagwira bango.

A Rabson anaganiza. Iwo sankadziona ngati munthu woipa, ndipo kunena zoona sanali woipa.

"Chabwino. Pita naye. Akakapeza matenda ndi nkhani ina, wodwala sitimutaya. Akakapanda kupeza, a Ackson adzamutenge. Usadzandilirirenso."

Ndiye ulendo wa pemphero uja. Njira yonse Naomi ankati mumtima, Ambuye, likhale khutu. Ngakhale limodzi lokha.

Kuchipatala mzere unali wautali, ndipo Nowa anauyendera wonse, kufunsa aliyense chomwe akudwala. Atalowa, adokotala anali mnyamata wotopa, wosadzutsa mutu.

"Vuto n'chiyani, mayi?"

"Samva."

Naomi ankafuna kupitiriza, kunena za mchere, za mabenchi, za chipata. Koma adokotala anali atatenga kale katochi kawo. Anasuzumira khutu ili, anasuzumira linalo. Kenako anaima kumbuyo kwa mwanayo, patali ndithu, n'kunong'ona motsitsa kwambiri, "Ndani akufuna mandasi?"

"Ine!" anatero Nowa, atatembenuka kale.

Adokotala anaseka. "Uyu amamva kuposa ine ndi inu, mayi. Kwinako ndi kulera basi. Wina alowe!"

Pobwerera Naomi anakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Nowa ankaponya miyala pachulu, akuimba. M'maganizo mayiyo ankamuona ali kudambo la ku Chiwamba, ng'ombe zitamwazika, munthu wachilendo akubwera ndi chikoti, popanda womuleretsa.

Atafika anapeza a Rabson akukonza mpanda wa kudimba uja.

"Ati bwanji?"

"Ati samva."

Mpaka pamenepo, anandiuza Naomi, mtima wake unkati sananame kwenikweni. Koma a Rabson anaimika chikwanje.

"Samva chiyani? Zimenezo tikuzidziwa tonse."

"M'makutu, achimwene. Ati makutu ake ndi otseka. Amamva patalipatali."

A Rabson anakhala pansi pomwepo, padothi. Anayang'ana mikwingwirima yomwe inali pamiyendo ya mwanayo, n'kuyang'ana manja awo.

Mawa lake anabwera ndi mandasi m'kapepala. Ananjuta pamaso pa Nowa, anamugwira paphewa, anadikira mpaka mwanayo atawayang'ana m'maso, n'kulankhula mokweza, pang'onopang'ono.

"Nowa. Tenga kheni."

Nowa anakatenga kheni.

Anamugwiranso paphewa. "Ika apa."

Anaika.

"Waona, Naomi? Mwanayu ndi womvera. Zitsiru tinali ife, kumamulankhula kumsana, zinthu zisanu nthawi imodzi."

Apa ndi pamene nkhaniyi inandizunguza mutu. Bodza lija linayamba kuchiza. Mbiri itafala, aliyense anasintha kalankhulidwe. Womutuma ankayamba wamugwira, n'kumuyang'ana kumaso, n'kumuuza chinthu chimodzi chokha. Akaiwala ankamuuzanso mosakalipa, poti wogontha sumukalipira. Mayi Tisiyenji anamuchotsa kumbuyo komwe ankakhala pafupi ndi zenera, n'kumuika kutsogolo penipeni, pamapazi pawo. Akaona kuti wayamba kunyanyuka ankamutuma kukafufuta bolodi. Mvula isanafike pakati, Nowa analemba dzina lake lonse, N woyang'ana koyenera. Kuthamanga sanasiye, kutaya zinthu sanasiye, koma mkwapulo unasowa pakhomopo, ndipo mwana anayamba kunenepa.

Amene ankaonda ndi mayi ake. Mwana wotembenukira kulira kwa nkhuku iliyonse ungamubise bwanji kuti amamva?

"Nowa, munthu akakuitana kumbuyo usamatembenuke, wamva?"

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Ndi masewera athu, ine ndi iwe."

"Chabwino. Amayi, kodi abakha ali ndi makutu?"

Ataona kuti masewerawo sakugwira, anang'amba pilo wakale, n'kumatenga thonje, kulinyowetsa ndi mafuta ophikira, kumutseka nalo m'makutu m'mawa uliwonse. Kwa anthu ankati ndi mankhwala a adokotala. Masana ankalipeza thonjelo m'makutu mwa galu. Chomwe chinkamupulumutsa n'chakuti Nowa ndi kale lonse sankayankha akaitanidwa maso ake ali pa china. Tsiku lomwe watembenuka, anthu ankangoti, "Lero khutu latsegukako, mankhwala akugwira."

Naomi anasiya kudya mgonero kutchalitchi. Ankati mutu. Komabe ankaganiza kuti akhoza kupirira choncho mpaka mwana atakula.

Chomwe sanachiganizire ndi chikondi cha a Rabson. Munthu uja chisoni chinamudya. Lamulungu lina, nthawi ya zolengeza, anaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuulula kuti kwa zaka wakhala akukwapula mwana wogontha, kumuyesa wamwano. Analira, mkulu wa mpingo, pamaso pa ana. Kenako ananena kuti wamva zoti kuli sukulu ya ana osamva, yogonera konko, kutali ndithu, komwe amaphunzitsa kulankhula ndi manja. Abusa anali atalankhula nawo kale a kusukuluko pafoni. Malo analipo. Mwana adzapita Pasaka ikadutsa, akakangomuyeza kaye ndi makina awo.

Mpingo unaomba m'manja. Amayi a Chigwirizano anabwera sabata yomweyo ndi bulangete, ndowa ndi kasutikesi. Ankamukumbatira Naomi, kumuuza kuti ali ndi mlongo wa mtengo wapatali.

Tsopano taonani pomwe anaima mayiyu. Akati mwana ndi wogontha, akupita kutali, ndipo makina aja akaulula zonse tsiku loyamba. Akati amamva, akupita ku Chiwamba. Njira zonse ziwiri zinkachoka pakhomo pake.

Ali m'kati mosowa tulo choncho, mayi Tisiyenji anamuitanitsa kusukulu. Anakamuimika kuseri kwa kalasi, pomwe panalibe anthu.

"Amake Nowa, dzulo ndinapita kumbuyo kwa kalasi, ndinanong'oneza mwana wina kuti akandiitanire a hedi. Mukudziwa anayankha ndani? Nowa. Ali kutsogolo, thonje lili m'makutu. Akuti, 'A hedi apita kumaliro, madamu.'"

Naomi anagwa pansi n'kuwagwira miyendo.

"Dzukani, ana akuona pazenera. Ine ndinadziwa kalekale, mwana wogontha saimba nyimbo za kalasi ya chitatu. Ndinangokhala chete poona kuti mikwingwirima yatha. Koma izi za sukulu yogonera konkozi, ayi. Mukatenga malo a mwana wogonthadi, komanso akakubwezani ndi manyazi."

"Ndiye nditani, madamu? Ndiuzeni, nditani? Ndimubise m'nkhokwe?"

"Pamene ndinkati mukamuyezetse sindinkanena makutu. Tinaphunzitsidwapo za ana otere. Kuchipatala komwe kuja kumabwera anesi ena kamodzi pamwezi, oona za khunyu ndi za m'mutu. Amenewo ndi omwe angamuone bwino."

Naomi anabwerera m'mbuyo. "Tsiku la amisala lija?"

"Anthu ndi omwe amalitchula choncho."

"Madamu, mwana wanga ali ndi mayina awiri kale. Wamwano, gonthi. Mukufuna ndimuwonjezere lachitatu?"

"Ndikufuna apeze lake lenileni. Ndipita nanu, nanenso adzafuna kundifunsa."

Anapita. Pabenchi la tsiku limenelo panali mtsikana wa zipsera za moto kumaso, ndi bambo wina wolankhula yekha yemwe abale ake anamugwira mikono. Naomi anafunda chitenje kumutu ngati wamalungo. Sizinathandize. Nowa anaona mayi wina wa m'mudzi mwawo akuchokera kusikelo ndi khanda, n'kufuula dzina lake bwalo lonse kumva. Mayiyo anaima, anayang'ana benchilo, anayang'ana Naomi, anapereka moni wautali, n'kumapita akucheuka.

Anesiwo anali mayi wachikulire, a Judith. Sanatenge katochi. Anamusiya Nowa kuti azichita zomwe akufuna, iwo akumuonera pakona ya diso. Mwanayo anatsegula mpopi, anakwera pasikelo, analowa pansi pa tebulo, anafunsa ngati wotchi yawo ndi yeniyeni, yankho lisanabwere anali ali pazenera.

"Vuto n'chiyani, mayi?"

Naomi anatsegula pakamwa kuti anene mawu aja, n'kuwameza. Anayamba ndi mchere. Ananena zonse, mpaka thonje. A Judith sanamudule.

Kenako mafunso. Zinayamba liti? Amatero kunyumba kokha, kapena ndi kusukulu ndi kutchalitchi komwe? Anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo? Amagwa, kapena kungoti duu maso ali gwa? Amagona bwino? Amapita kusukulu atadya? Bolodi amaliona? Pakhomo pali ndewu? Atatha ndi Naomi anatembenukira kwa mayi Tisiyenji. Poyerekeza ndi anzake a msinkhu wake, ali bwanji? Amadikira nthawi yake pamasewera? Ntchito akaiyamba amaimaliza? Pomaliza anamuitana Nowa, anamupatsa zitsekerero za mabotolo kuti asiyanitse zofiira ndi zobiriwira. Anayamba bwino kwambiri, mwachangu. Asanafike pakati, zitsekererozo zinasanduka minibasi zopita ku Namitete.

"Kudumpha, mwana aliyense amadumpha," anatero a Judith. "Chomwe timayang'ana n'chakuti kodi zinayamba kale, zimachitika paliponse, ndipo zikumuonongera moyo. Apa zonsezo ndikuziona. Sindingagamule lero lomwe, ndiyenera kumuonanso. Koma zikufanana kwambiri ndi vuto lina lomwe timalidziwa. Dzina lake ndi la Chingerezi. M'Chichewa timangoti kusakhazikika maganizo."

"Maganizo? Ndiye kuti ndi misala?"

"Ayi, mayi. Si misala, si ufiti, si mwano, komanso si kulera kwanu. Anabadwa choncho. Inu mukamamvetsera ine pano, kulira kwa mwana panjapo mukukutaya, eti? Iyeyu satha kutaya. Mawu anu, nkhuku, njinga yodutsa, zonse zimamufikira ndi mphamvu yofanana, ndipo thupi limanyamuka asanaganize. Vuto si loti samva. Akumva zonse."

Naomi analira. Akuti sanadziwe ngati ukunali kulira kwa mpumulo kapena kwa mantha.

"Mankhwala alipo?"

"Alipo kwina, kuno tilibe, ndiponso si ana onse amawafuna. Chachikulu ndi chomwe mwakhala mukuchita kale. Kumugwira, kumuyang'ana, chinthu chimodzi nthawi imodzi, kumuyamikira akachita bwino, kusiya mkwapulo. Munachita bwino, pa chifukwa cholakwika. Thonje lokhalo musiye, mumuwoletsa makutu."

"Ndiye anesi, chonde, ndikupempha. Achimwene akabwera mudzangowauza kuti ndi makutu. Koma muti asapite kusukulu yakutaliyo, achirira pakhomo. Inu akakumverani."

"Zimenezo sindingachite. Koma abwere. Mwezi wamawa mubwere ndi amene amalamula pakhomopo, ndidzawafotokozera ndekha. Ambiri amamvetsa akamva kwa ife."

Mwezi wamawa unali kutali. Mayi wa kusikelo uja anali atafika kale kumudzi. Naomi anadziwa kuti akachedwa, nkhani ifika kwa a Rabson itavala zovala zina. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anamusiya Nowa ndi mayi Tisiyenji, n'kulunjika kuchigafa, komwe a Rabson ankasoka fodya.

Anagwada pakhomo pa chigafacho.

"Achimwene, Nowa amamva."

"Alemekezeke Mulungu! Mankhwala aja?"

"Ayi. Amamva chibadwire. Adokotala aja sanapeze kanthu m'makutu. Ndinakunamizani."

Singano inaima. Naomi anafotokoza mothamanga, za anesi, za mafunso, za kusakhazikika maganizo, zoti iwo akufunika kuchipatala mwezi wamawa. A Rabson ankangomuyang'ana, manja ali bii ndi phula la fodya.

"Ine ndinaimirira m'tchalitchi," anatero motsitsa. "Ndinalira pamaso pa mpingo. Abusa anaimba foni. Amayi anasonkha bulangete. Iwe uli pabenchi, ukundionerera."

"Ndinkaopa Chiwamba."

"Ndiye lero wabwera ndi matenda ena. Oyamba aja atha ntchito, wakagula atsopano, kwa amisala. Mawa udzati chiyani? Ali ndi ziwanda?"

"Awa ndi oona, achimwene. Mukafunse madamu."

"Matenda oti mwana asamatseke chipata? Matenda opanda mankhwala, opanda bala, opanda kutentha thupi? Amenewo kwathu kuno timawatcha mwano."

Apa Naomi anadzuka. Akuti chibadwire anali asanalankhulepo ndi mlongo wakeyo ali chiimire.

"Ndifunseko chimodzi. Miyezi yonseyi mwakhala mukumugwira paphewa, kumuuza chimodzichimodzi. Anakumverani kapena sanakumvereni?"

A Rabson anayang'ana kumbali, Naomi n'kupitiriza.

"Makutu ake anali omwewa. Mwana anali yemweyu. Munati ndi womvera, munanena ndinu. Chasintha n'chiyani lero?"

"Chasintha n'chakuti ankandipusitsa! Iwe ndi iye!"

"Iye sadziwa kanthu. Thonje ankaika m'makutu mwa galu. Mundilange ine. Mukanditengere kubwalo la mpingo, andidule, ndivomera. Koma tiyeni kuchipatala mukamve nokha."

"Ine pabenchi la amisala? Anthu andiseke kachiwiri?" Anatola singano yawo. "Tinapangana. Akapanda kupeza kanthu m'makutu, apita kwa a Ackson. Sanapeze. Ndiwaimbira lero."

"Simunati m'makutu. Munati matenda."

"Choka pamaso panga, Naomi."

Mayi Tisiyenji anayesa kukalankhula nawo, anabwezedwa ndi ulemu wonse. Abusa anati nkhani ya mbumba ndi ya mwini mbumba, iwo aona za bodzalo. Amayi a Chigwirizano anatuma mwana kudzatenga bulangete lawo. M'mudzi ena ankati gonthi wachira, ena ankati wapenga, ana anzake n'kumamuthamangira Nowa akumufuulira m'khutu. Nowa anamenya mmodzi ndi mwala, magazi n'kutuluka. A Rabson anangoti, "Mwaona?"

Naomi anazengereza masiku ndi zifukwa. Mwana ali ndi chifuwa. Zovala zake sizinaume. Anakwanitsa kufika tsiku la anesi lija, anakhala pabenchi kuyambira m'mawa, maso ali kuchipata, kuti mwina njinga ya a Rabson itulukira. Sinatulukire. A Judith anamuonanso Nowa, anafunsanso mafunso, n'kunena kuti tsopano akutsimikiza. Naomi anatenga chitsimikizocho n'kubwerera nacho kumudzi komwe kunalibe wochifuna. Atafika anamva kuti a Ackson abwera Loweruka.

Mukudziwa inu kuti kwathu kuno wochoka pamudzi ndi mwamuna. Mkazi ndiye mudziwo. Munda ndi wa amayi ake, manda ndi a amayi ake, nyumba ili pa dothi la agogo ake. Mkazi amene banja lamuvuta amabwerera kwawo. Nanga amene kwawo kwamuvuta amapita kuti?

Lachisanu m'mawa, anthu ali kuminda, Naomi anamanga mapoto ndi zovala m'chitenje. Chimanga chake chinali chitayamba kukhwima, anangothyolako chodzaza m'kathumba. Anadutsira kusukulu kukatsanzika. Mayi Tisiyenji anamuuza dzina la mphunzitsi wina wa ku Nsaru, mnzawo, n'kumulangiza kuti akapemphe malo a kutsogolo, asakachite manyazi, akapemphe ngakhale kakhumi. Kenako ananjuta n'kumugwira Nowa mapewa onse awiri.

"Nowa. Ndiwe mwana wabwino."

"Madamu, muli ndi imvi apa," anatero Nowa.

Ku Nsaru ndi komwe ine ndinawapeza, nyengo yozizira, kuseri kwa sitolo ya wogula mbewu. Naomi ankasenda mtedza wa eni ake, waganyu, zala zitasupuka. Ankagona m'kachipinda ka lendi kopanda zenera. Anandipatsa ndowa yake yobooka kuti ndiikhome, nkhani n'kuyambika.

Ndinamufunsa ngati a Rabson anamutsatira.

"Anatuma mawu. Akuti pakhomo ndi panga, ndibwerere tsiku lililonse, koma mawu awo sanasinthe. Munda akulima ndi alamu."

"Nanga kusukulu?"

"Malo a kutsogolo anamupatsa. Koma ana ndi ambiri, aphunzitsi ndi mmodzi. Sabata yatha anamubweza kawiri. Ndimapita, ndimagwada, ndimafotokoza. Ena amamvetsa. Ena amati, mayi, matenda amenewo ndi a ana a m'tauni." Anaphwanya mtedza wina. "Kwa anesi ndimapitabe. Akuti akamakula mwina zidzachepa, mwina ayi. Akuti ndisatope. Ine ndinatopa kale, agogo, kungoti palibe woti ndimupatsire."

Nowa anali pafupi nafe nthawi yonseyi, kapena ndinene kuti ankafika pafupi nafe kawirikawiri. Anandigwirira nyundo, anandifunsa ngati mano anga anachoka okha, anayesa ndowa kumutu ngati chipewa. Ndi mwana wokongola, wa maso owala.

"Munda ndilibe," anatero Naomi. "Mpingo ndilibe. Koma madzulo ndimamusambitsa ndine. Akalakwa, womuyang'ana kumaso ndine. Tsiku lina mwina achimwene adza..."

Sanamalize. Kumsewu kunamveka hutala ya lole ya fodya, yaitali, ndipo pomwe panali Nowa panali ndowa yokha ikugubuduka. Naomi anataya lichero, mtedza n'kumwazika, anathamanga chitenje chili m'manja akufuula dzina la mwana wake. Nanenso ndinaimirira. Lole inadutsa, fumbi linatsika, ndipo ndinawaona tsidya lina la msewu, mayi atagwada m'fumbimo, atamukumbatira mwanayo mwamphamvu, mwanayo akuloza kumwamba, kufuna kumuonetsa kaiti ya pepala yomwe inakodwa pa waya wa magetsi.

Mwini sitolo anatuluka n'kuyamba kukalipa za mtedza wake. Ndinagwada n'kuyamba kutola.